Khungu la Munthu ndi Chikopa cha Ng'ombe

Mnyamata amene amalawirira m'bandakucha kukamenya mtengo wa bulugamu ndi msongolo, kapena kukhoma zibakera pakhoma la njerwa mpaka mfundo za zala zitada ndi kutupa, amakhala akusungira tsiku limodzi: tsiku la ndewu yeniyeni, pamene akuyembekeza kuti thupi lakelo lidzamuyankhira. Chikhulupiriro chimenechi sanachiyambe yekha. Chinafika ndi mafilimu a Bruce Lee, Jet Li ndi Jean-Claude Van Damme m'tinyumba toonetsera vidiyo ta m'misika ya m'malire monga Lizulu, Tsangano ndi Ulongwe, ndipo lero chikulowa m'midzi ya ku Angónia kudzera pa foni. Funso lake ndi loyenera kuliyankha mwaulemu, pakuti anyamatawa akupereka thukuta ndi ululu weniweni. Kodi thupi lozunzidwa chotere limapindula kanthu ndewu ikabuka? Ine ndikuona kuti limapindula pang'ono zedi, ndipo phindulo silikhala pamene ambiri amaliyembekezera. Chimene munthu amapita nacho ku ndewu ndi mpweya, miyendo, ndi chizolowezi choyang'anizana ndi munthu amene akubwezera. Kuuma kwa khungu ndi kwa mafupa kumabwera kumapeto kwenikweni, ndipo nthawi zina kumamupweteketsa mwini wake pomunamiza kuti ndi wotetezeka.

Tiyambe ndi zimene zili zoona, chifukwa aphunzitsi a masewerawa sanama pa zonse. Fupa ndi chinthu chamoyo. Dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, anafotokoza mu 1892 kuti fupa limasintha molingana ndi katundu amene likusenza: likamagwira ntchito yolemetsa mobwerezabwereza limakhuthala, likangokhala limafooka. Osewera tenesi amene anayamba ali ana amapezeka ndi mafupa okhuthala kudzanja logwira chomenyera kuposa kudzanja linalo. Khungu nalo limatero, ndipo mlimi aliyense wa mbatata ya kachewere ku Domwe amadziwa kuti dzanja limene linkachita matuza chaka choyamba limadzagwira mpini tsiku lonse osamva kanthu. Pachilumba cha Okinawa, kumene karate inabadwira, ophunzira amamenya thabwa lozikidwa pansi lokulungidwa chingwe cha udzu, lotchedwa makiwara. Thabwalo amalisema kuti likhale lopyapyala kumtunda, moti likamenyedwa limawerama pang'ono n'kubwerera. Cholinga chake chachikulu ndi kuphunzitsa mkono kuwongoka ndi thupi lonse kukankhira kumbuyo kwa chibakera. Osewera nkhonya ya ku Thailand, amene amatchuka ndi misongolo yolimba, amailimbitsa pomenya thumba lolemera ndi mapilo ogwiridwa ndi mphunzitsi kwa zaka zambiri. Onsewa amamenya chinthu chimene chimagonja pang'ono. Khoma la njerwa siligonja, ndipo chimene limasiya ndi mfundo zotupa ndi zala zouma zimene zidzavuta kugwira cholembera kapena singano munthu akamakula.

Tsono kukhuthala kwa fupa kuli ndi malire, ndipo dzanja ndilo limaonetsa malirewo poyera. M'dzanja la munthu muli timafupa 27, tambiri mwa ito tating'ono, topangidwira kugwira ndi kutola. Chipumi chimene chibakeracho chikukakumana nacho ndi limodzi mwa mafupa olimba kwambiri m'thupi. Munthu wokwiya akaponya chibakera mozungulira, kawirikawiri chimafikira ku mfundo ya kachala kakang'ono, ndipo kafupa ka kumbuyo kwa mfundoyo kamathyokera pakhosi pake. Kuthyoka kumeneku n'kofala kwambiri moti madokotala anakupatsa dzina la osewera nkhonya. Mu Juni 1988 Mike Tyson anagwetsa Michael Spinks m'masekondi 91. Patangopita miyezi iwiri, mu Ogasiti, anamenyana pamsewu ndi Mitch Green ku Harlem, wopanda magolovesi, ndipo anatuluka atathyoka fupa la dzanja lamanja. Ngati dzanja la katswiri wa dziko lonse silinapirire ndewu ya mphindi zochepa, ndani angalonjeze mnyamata wa ku Ulongwe kuti lake lidzapirira? Nsalu zimene osewera nkhonya amakulunga m'manja asanavale magolovesi ndi chivomerezo cha masewerawo kuti dzanja ndi lofooka. Palinso ngozi ina imene mafilimu saonetsa. Chibakera chikagunda mano, dzino limaboola khungu la pamfundo n'kusiya tizilombo ta m'kamwa mkati mwa mfundoyo. Kabala kake kamaoneka kachabechabe, koma pakapita masiku awiri kapena atatu dzanja limatupa ndi mafinya, ndipo munthu wokhala kutali ndi chipatala akhoza kutaya chala.

Msongolo nawo uli ndi nkhani yake. Anderson Silva wa ku Brazil anali atamenya thumba ndi anthu kwa zaka zoposa 20 pamene, pa 28 Disembala 2013 ku Las Vegas, anaponya mwendo ndipo Chris Weidman anautchinga ndi bondo. Mafupa onse awiri a msongolo wa Silva anathyoka pomwepo. Mu Epulo 2021 Weidman yemweyo anathyoka mwendo mwanjira yomweyo pomenya Uriah Hall. Apa pali chinthu chimene ophunzira ambiri amasokoneza. Munthu akamamenya msongolo tsiku ndi tsiku, ululu umachepa msanga, m'milungu yochepa chabe, chifukwa thupi ndi maganizo zimazolowera. Fupa limatenga miyezi yambiri kuti likhuthale ngakhale pang'ono, ndipo likapanikizidwa osapumula limayamba timing'alu tosaoneka. Choncho pamakhala nyengo yaitali imene mnyamata samva kuwawa koma fupa lake likadali momwe linalili, mwinanso lofookerapo. Iye amawerengera kusamva ululuko ngati mphamvu, n'kumamenya mowirikiza, pamene chimene chachoka ndi chenjezo lokha.

Ndipo zonsezi zikukhudza ziwalo zomenyera. Ziwalo zimene zimathetsa ndewu, kapena moyo, sizilimbitsika n'komwe. Ubongo ndi wofewa ngati phala lozizira m'mbale, ndipo chibwano chikamenyedwa mutu n'kutembenuka mwadzidzidzi, umagwedezeka m'chigaza ndipo munthu amakomoka. Khosi lamphamvu limathandiza pang'ono pochepetsa kutembenukako, koma ubongowo suzolowera. Kumenyedwa kulikonse kumawonjezera pa kwa dzulo. Dokotala Harrison Martland analemba mu 1928 za osewera nkhonya akale amene ankayenda dzandidzandi ndi kulankhula mododa ngati aledzera, ndipo kuyambira pamenepo umboni wangochulukira. Diso, kholingo ndi maliseche sizichita khungu lokhuthala. Minofu ya pamimba imateteza pamene munthu waona nkhonya ikubwera n'kuumitsa mimba, koma imene sanaione imalowa. Kwa ife a kuno pali chiwalo china choyenera kuchitchula mwapadera, ndicho kapamba. Munthu amene wadwala malungo kawirikawiri akhoza kukhala ndi kapamba wotupa, wotsikira kunsi kwa nthiti za kumanzere kumene nthitizo sizimutchinganso, ndipo kapamba wotere amaphulika ndi kumenyedwa kumene wina akanangokuseka. Magazi amatayikira m'mimba osaoneka kunja. Masewera oimika anyamata pamzere n'kumawaponda m'mimba kuti akhwime ndi oopsa kulikonse, koma m'dziko la malungo ndi kuseweretsa moyo wa mwana wa eni.

Anthu a ku Angónia safunika kupita ku Japan kapena ku Thailand kukafunsa za nkhaniyi, pakuti dera lawo lomwe linatenga dzina kwa anthu amene nkhondo inali ntchito yawo. Angoni a kwa Maseko anachoka kum'mwera m'nthawi ya nkhondo za Shaka, anawoloka Zambezi, anafika mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania pansi pa Mputa, ndipo atapirikitsidwa kumeneko anabwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga n'kudzakhazikika kufupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870. Awa anali anthu amene anamenya nkhondo ya pafupi, yoonana m'maso, kwa mibadwo iwiri kapena itatu, ndipo njira iliyonse yosathandiza inkalipiridwa ndi maliro. Tsono tayang'anani chimene ankanyamula kudzanja lamanzere. Chishango chinkadulidwa pa chikopa cha ng'ombe chouma, chachitali mokwanira kubisa thunthu la munthu. Pakati pake ankachekapo timipata m'mizere iwiri n'kulowetsamo nsinga za chikopa, zimene zinkagwira ndodo yoimirira kumbuyo kwake. Ndodoyo ndiyo inkachilimbitsa kuti chisapindike, ndipo pamenepo panalinso pogwirira. Ng'ombe inali chuma chenicheni cha Mngoni, koma ankaipha n'kupereka chikopa chake ku ntchito imeneyi. Anthu odziwa nkhondo kuposa wina aliyense m'mapiri muno sanakhulupirire khungu lawo. Anaika khungu la nyama ina pakati pa iwo ndi mkondo, ndipo kudzanja lamanja ananyamula nthungo kapena chibonga, osati chibakera. Umboni umenewu ndimauona wolemera kuposa chionetsero chilichonse cha munthu woswa njerwa ndi dzanja.

Izi sizikutanthauza kuti Angoni sankakonza matupi awo. Ankawakonza kwambiri, koma taonani mbali imene ankaikapo mtima. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930, analemba za laweni, mphala imene anyamata ankagonamo pamodzi atachoka m'manja mwa amayi awo, ndi za moyo wa kubusa kumene wamkulu ankalamula wamng'ono. Kubusako n'kumene mnyamata ankaphunzira ndewu ya ndodo, ina yomenyera ina yotchingira, polimbana ndi mnzake amene nayenso akufuna kumugogoda pamutu. Palibe amene ankamuuza kumene ndodo idzachokera. Ankaphunzira kuyeza mtunda ndi maso, kusatsinzina chinthu chikamabwera kumaso, ndi kupsa mtima koma osataya nzeru. Chachiwiri chinali miyendo ndi mpweya. Mu 1884 ankhondo a mfumu yawo Chikuse anawoloka Shire n'kukafika kumapiri a Blantyre, ulendo wa makilomita oposa 150 wapansi, ndipo atafika anali ndi mphamvu zomenyera nkhondo ndi zobwerera. Chachitatu chinali kuyenda pamodzi, ndipo gule wa ngoma amene timamuona mpaka lero, amuna ali pamzere, zishango m'manja, mapazi akugunda nthaka nthawi imodzi, amasunga chithunzi cha mwambo umenewo. Pali nkhani yotchuka yoti Shaka ankavinitsa asilikali ake paminga kuti mapazi aume, koma nkhaniyi inafala kudzera m'mabuku olembedwa zaka zoposa 100 iye atamwalira, ndipo akatswiri a mbiri yakale amaikayikira. Ngakhale itakhala yoona, phazi louma linali loyendera, silinali lomenyera.

Maiko ena anafika pa mfundo yomweyi podzera njira zawo. Jigoro Kano atakhazikitsa sukulu ya judo ya Kodokan ku Tokyo mu 1882, anachotsa pa masewera a tsiku ndi tsiku njira zoopsa kwambiri za akale, kuti zotsalazo ophunzira azizichita ndi mphamvu zonse pa mnzawo amene akukana kugwa. Zinaoneka ngati wafooketsa luso la makolo, koma ophunzira ake ndiwo ankagwetsa anzawo a m'sukulu zina, chifukwa chimene ankadziwa anali atachiyesa kambirimbiri pa munthu wamoyo. Mu Novembala 1993 ku Denver, pa mpikisano woyamba wa UFC wophatikiza masewera osiyanasiyana, anapambana ndi Royce Gracie, munthu wowonda poyerekeza ndi anzakewo, amene luso lake linali kugwetsa ndi kupana, lophunziridwa polimbana tsiku ndi tsiku. Mu Epulo 2017 ku Chengdu, Xu Xiaodong anagonjetsa Wei Lei, mphunzitsi wa tai chi wodziwika pa wailesi ya kanema, m'masekondi osakwana 30. Wei Lei atangolandira nkhonya zoyamba anayamba kubwerera m'mbuyo, manja ali balala, monga amachitira munthu aliyense amene sanazolowere kuthamangitsidwa ndi zibakera.

Wina adzati: mwaiwala mtima. Mnyamata amene wapirira ululu wa mtengo kwa chaka amalowa m'ndewu wopanda mantha, ndipo wopanda mantha ndiye amapambana. Mfundo imeneyi ndi yamphamvu, ndipo mbiri ya Mozambique yomwe imaichitira umboni. Chakumapeto kwa nkhondo ya pachiweniweni, imene inathawitsira anthu ambiri a ku Angónia ku Dedza ndi ku Ntcheu, m'zigawo za Zambézia ndi Nampula munadzuka gulu la Naparama motsogozedwa ndi Manuel António. Anyamata ankatemeredwa mphini ndi lezala n'kupakidwa mankhwala, n'kuuzidwa kuti chipolopolo sichingawalowe, ndipo ankathamangira mfuti atanyamula mikondo ndi zikwanje. M'zaka za 1990 ndi 1991 analandadi madera ambiri m'manja mwa Renamo. Koma tifunse chimene chinkapambana. Sichinali khungu. Chinali chakuti anthu ambiri ankathamangira kutsogolo nthawi imodzi, ndipo a mbali inayo, amene nawonso ankaopa mankhwalawo, ankathawa. Kulimba mtima kotere kumagwira ntchito malinga ngati mdani akukukhulupirira, ndipo akasiya kukhulupirira kumasanduka njira ya kumanda. Manuel António mwini anaphedwa pankhondo mu Disembala 1991. Angoni ena, a ku Songea, anaona zomwezo pa nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907, pamene madzi amene ankati asungunula zipolopolo za Ajeremani sanatero. Ngakhale chishango, chimene chinali chitetezo chenicheni, chinali ndi pothera pake: Mwase wa ku Kasungu anabweza Angoni ndi mfuti, ndipo asilikali a Angerezi anapha Inkosi Gomani mu Okutobala 1896 ndi Nsingu, mwana wa Inkosi Mpezeni, mu 1898. Mtima umene ndingaufunire mwana wa munthu ndi wochokera pa kudziwa chimene angathe ndi chimene sangathe, ndipo umenewo mtengo wa bulugamu sungaupereke, chifukwa mtengo subwezera.

Winanso adzati: nanga mphamvu? Kodi mukutanthauza kuti thupi lilibe ntchito? Ayi ndithu, ndipo apa ndikuvomera ndi mtima wonse. Masewera a nkhonya, judo ndi kugwetsana amagawa anthu potengera kulemera kwawo chifukwa kukula ndi mphamvu zimapambanitsa. Mnyamata wonyamula matumba a mbatata a makilogalamu 50 kapena kukankha njinga yodzaza katundu pachitunda ali kale ndi msana, chiuno ndi manja zimene wa m'tauni amalipira ndalama kuti azipeze. Mpweya ndiye woposa zonse. Munthu wosazolowera akamenyana ndi mphamvu zake zonse amatha mpweya mphindi imodzi isanakwane, manja n'kugwa okha, ndipo kuyambira pamenepo amangolandira. Isaac Chilemba wa ku Blantyre anatha zigawo zonse 12 ndi Sergey Kovalev ku Ekaterinburg mu Julaye 2016, pa nthawi imene Kovalev ankagwetsa pafupifupi aliyense. Anagwa kamodzi n'kudzuka, ndipo ngakhale sanapambane, chimene chinamufikitsa kumapeto chinali mpweya, miyendo ndi luso lozinda. Alcinda Panguana ndi Rady Gramane, amene anabweretsera Mozambique mendulo za siliva ndi buronzi pa mpikisano wa dziko lonse wa nkhonya za amayi ku Istanbul mu 2022, anafika kumeneko mwa njira yomweyo ya kuthamanga, thumba ndi kuyeserana ndi anzawo. Kukonza thupi kotereku kumapita nawo munthu kulikonse. Chimene ndikukana ndi chiphunzitso chakuti ululu pawokha ndiwo maphunziro, ndi kuti chilonda ndicho chizindikiro cha kupita patsogolo.

Chitsutso chovuta koposa ndi chakuti kuyeserana m'bwalo nakonso si ndewu yeniyeni. N'zoona. M'bwalo muli woimbira, muli malamulo, mdani ndi mmodzi, ndipo manja ake mukuwaona. Ndewu za m'midzi ndi m'misika mwathu zimabuka pamowa, pamalire a munda, pa ngongole kapena pa nkhani za chibwenzi, nthawi zambiri kukada. Pafupi pamakhala botolo, mpini wa khasu, mwala kapena mpeni, ndipo wina amakhala ndi abale ake atatu amene simunawawerengere. Ambiri amene amafa pa ndewu za zibakera amafa chifukwa chogwa chagada n'kumenyetsa nkhongo pamwala kapena pasimenti, ndipo woponya chibakerayo, amene sankafuna kupha, amakathera kundende. Palibe masewera amene amakonzekeretsa munthu mokwanira pa zoterezi. Koma tikayerekeza awiriwa, woyeserana ndi anzake ali ndi zinthu zingapo zenizeni: mtima wake ukamagunda ndi manja kunjenjemera amadziwa kuti ndi mmene zimakhalira, amatha kuima pa miyendo yake wina akamukankha, amaona dzanja likamalowa m'thumba, ndipo amadziwa mtunda umene munthu angamufikire. Koposa apo, anamenyedwapo ndi anthu ooneka ofooka, choncho sapeputsa munthu ndipo sachita manyazi kuchokapo. Wolimbitsa msongolo pamtengo alibe chilichonse mwa izi, koma ali ndi chifukwa choimira pamene anayenera kuthawa, pakuti akufuna kuona ngati chaka chake cha ululu chabala zipatso. Mpeni sufunsa kuti khungu lakhuthala bwanji.

Chotsala n'chakuti njira yothandizayi nayo ili ndi mtengo wake, ndipo amene amalipira ndi ubongo womwe uja. Kuyeserana kwa tsiku ndi tsiku komenyana m'mutu ndi mphamvu zonse kumawononga pang'onopang'ono ngakhale munthu asanakomokepo, ndipo magolovesi sachotsa vutoli, chifukwa amateteza dzanja ndi khungu la kumaso koma mutu umagwedezekabe. N'chifukwa chake mphunzitsi wanzeru, kaya ali ndi holo kaya akuphunzitsira pabwalo la sukulu ku Ulongwe, amalola mphamvu zonse pa kugwetsana pamalo ofewa ndi pa thumba la mchenga wosakaniza ndi utuchi kapena nsanza, koma kumutu amalamula kuti azingokhudzana. Amaonetsetsa kuti ophunzira akulunga manja ndi nsalu, amafunsa amene wadwala malungo posachedwa asanamulole kulandira nkhonya za m'mimba, ndipo mwana amene wazunguzika mutu amamukhazika pansi kwa milungu ingapo ngakhale mwanayo atalira kuti ali bwino. Ana amene mafupa awo akadakula sawalola n'komwe kumenya chinthu cholimba, chifukwa kumapeto kwa mafupa awo kuli malo ofewa okulira amene akawonongeka chala kapena mkono umakula mokhota. Nthawi imene ikanathera pamtengo amaipereka ku kuthamanga pa zitunda, zimene ku Angónia n'zosasowa.